Mthiko wa Phala, Mthiko wa Kondowole: Ndodo Zowedzera Zikhale Zingati?

Alamu anga atatsika basi pa Ngara mwezi wa Disembala, chimene chinakopa maso a anthu sichinali chikwama cha zovala, ngakhalenso wailesi imene aliyense wochokera ku Joni amayembekezeredwa kubwera nayo. Anali mapaipi anayi obiriwira, otalika ngati mpini wa khasu, omangidwa pamodzi ndi lamba. Ana anawalondola kuchokera pamsewu wa M1, kudutsa m'matandala a usipa, mpaka pakhonde. Ena ankati muli mfuti. Ena ankati muli mapepala a anthu a mgodi wa Kayelekera. Atatsegula, munatuluka timitengo tosalala, topyapyala kunsonga ngati udzu wa tsache, tolumikiza zidutswa zinayizinayi. Zinali ndodo zowedzera nsomba. Bwana wawo, amene amapita naye ku Dullstroom kukawedza pa tchuthi, anawapatsa atagula zatsopano.

Mkulu wina wa pafupi, amene wakhala siginala wa chilimira kuyambira nyali zikadali za parafini, anazitembenuza kwa kanthawi n'kuzibweza ndi manja awiri. Anafunsa m'Chitumbuka, koma m'Chichewa funso lake likuti: "Kodi bambo, manja muli nawo angati?"

Tonse tinaseka, alamu nawonso anaseka, koma funsolo silinachoke pakhonde paja. Ndipo si la pa Ngara pokha. Kumene masewera amenewa ali ndi anthu ambiri, ku South Africa, ku Britain, ku America, amuna a ndevu zawo amakangana mpaka tiyi kuzizira pa nkhani yomweyi: munthu wowedza ndi nyambo ya nthenga amafunika ndodo zingati? Wa sitolo amati zisanu n'zochepa. Mayi wa kunyumba amati imodzi yachuluka kale. Ine ndikuti yankho lili kukhitchini, pamene pamapachikidwa mithiko. Koma timve kaye kuti kuwedza kwake n'kotani, poti ambiri a ife tinangokuonera pa kanema.

Azungu amakutcha fly fishing. Pa mbedza saikapo nyongolotsi, usipa kapena mbamu ya nsima. Amamangapo nthenga za nkhuku, ubweya ndi ulusi, mpaka mbedzayo ioneke ngati kachilombo kouluka kamene kagwera pamadzi, kapena kansomba kamene kakuthawa. Munthu wa kunyanja sangadabwe ndi nzeru imeneyi. Nkhungu zikafuka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto wa m'tchire, timadziwa kuti pansi pake nsomba zili pa phwando, ndipo zikafika kumtunda ifenso timathamanga ndi madengu. Nsomba imadya tizilombo. Wowedza amaumba kachilombo konama. Luso lake ndi lakale kwambiri. Mlembi wa ku Roma, Claudius Aelian, analemba cha m'ma 200 AD za anthu a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pa mbedza n'kumangapo nthenga ziwiri za tambala.

Vuto lili pa kuponya. Tolani mwala muuponye muli pakhonde, ukagwera kuseri kwa khola. Tolani nthenga ya nkhuku muiponye ndi mphamvu zanu zonse, igwera paphazi panu pomwepo. Mnyamata wowedza pamiyala ya ku Chilumba amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amamangirira kamtovu kapena nati ya njinga pa chingwe chake: cholemera chimatsogola, chingwe n'kumatsatira ngati mwana wa mbuzi. Kwa wowedza ndi nthenga zinthu zimatembenuka. Nyambo ilibe kulemera, ndiye cholemera ndi chingwe chenichenicho, chonenepa, chokutidwa ndi pulasitiki, chotalika mamita pafupifupi 27. Chingwecho ndicho chimauluka. Nthenga imangokwera matola kumapeto kwake.

Amene anaonapo mnyamata wa ngolo akuliza chikwapu m'misewu ya ku Lupembe wamvetsa kale. Mpini wa chikwapu sukhudza ng'ombe. Ntchito yake ndi kupatsa chingwe mphamvu, kuti funde liyende kuchokera kudzanja mpaka kunsonga, thwa! Ndodo ya nthenga ndi mpini wa chikwapu, koma wofewa. Imapindika ikamakoka chingwe kumbuyo, n'kuwongoka, n'kuchitumiza kutsogolo. Kusiyana n'kwakuti wowedza safuna kuti chilire. Chikalira ndiye kuti wafulumira dzanja, ndipo nthawi zambiri nthenga yake yaduka, yapita kuthengo.

Popeza chimene chimapinda ndodo ndi kulemera kwa chingwe, ziwirizi ziyenera kukwatirana. Pa ndodo iliyonse, pafupi ndi pogwirira, pamalembedwa nambala: 3, 5, 8, 10. Ana aja ankati ndi makilogalamu a nsomba imene ndodoyo ingakoke. Ayi. Ndi kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo inapangidwira. Mu 1961 opanga zida zowedzera ku America anagwirizana kuti aziyeza mafiti 30 oyambirira a chingwe, amene ndi mamita 9 ndi pang'ono. Akalemera magalamu 6 ndi theka, chingwecho ndi nambala 3. Akalemera magalamu 9, ndi nambala 5. Magalamu 13 ndi theka ndi nambala 8, magalamu 18 ndi nambala 10. Papepala zimaoneka ngati nthabwala, poti pakati pa 5 ndi 8 pali kulemera kwa shuga wa pa supuni imodzi ya tiyi basi. Koma m'dzanja, pamphepo, kusiyanako kumamveka ngati kwa mthiko wa phala ndi mthiko wa kondowole.

Talowani m'khitchini ya mayi wa pa Ngara muone. Pali kamthiko kakang'ono kotakasira phala la mwana m'kasefuliya. Pali mthiko wapakati, umene mpini wake unada ndi manja a zaka zambiri, wophika nsima ya banja masana ndi madzulo, wovundula nyemba, wotakasa mbalagha, ngakhale kuloza mwana wosamva. Ndiye pali mthiko wonenepa, wa mtengo wolimba, umene umatuluka tsiku la kondowole wa anthu ambiri. Ufa wa chinangwa ukakumana ndi madzi otentha umagwira ngati ulimbo. Mayi amaphula mphika, kuupana ndi mapazi, n'kumakoka ndi manja awiri thukuta lili kamukamu. Mukalowetsamo kamthiko ka phala mudzangomva phwa! mwatsala ndi mpini. Pomaliza pali chimthiko chonga nkhafi ya bwato, chophikira m'zimiphika za pa maliro ndi pa ukwati. Palibe mayi wanzeru amene amachigula n'kuchipachika m'nyumba mwake. Chimakhala kutchalitchi kapena kwa amfumu, chimabwerekedwa kawiri katatu pa chaka, n'kubwezedwa.

Nambala 3 ndi kamthiko ka phala: timitsinje ting'onoting'ono, tinsomba tonga chikhatho, tinthenga tonga udzudzu, tsiku lopanda mphepo. Nambala 5 yotalika mafiti 9, amene ndi mamita 2.7, ndi mthiko wapakati uja, ndipo m'maiko ambiri ndi imene amayamba kupatsa munthu wophunzira. Nambala 8 ndi mthiko wa kondowole, wa nthenga zazikulu, mphepo yamphamvu ndi nsomba yokoka. Kuyambira 10 kukafika 12 ndi chimthiko cha pa maliro, cha nsomba za m'nyanja ya mchere, kumene anthu amakwerera ndege kukazifuna ku zilumba za Bazaruto ku Mozambique.

Tsono mufunseni mayi uja kuti, moto utabuka m'khitchini, angatuluke ndi mthiko uti. Sadzaganiza kawiri. Wapakati. Phala la mwana adzatakasa nawo ngakhale ukuthina m'kasefuliya, ndipo kondowole wa anthu awiri adzamupirira nawo. Sudzakhoza chilichonse mwapamwamba, koma banja silidzagona ndi njala. Ndodo yoyamba izikhala yotero.

Koma munthu sagula mthiko asanaone mphika. Funso lenileni si lakuti padziko pali nsomba zanji, koma lakuti inuyo, ndi ndalama zanu ndi masiku anu a tchuthi, mapazi anu adzaponda madzi ati chaka chino. Munthu wa pa Ngara ali ndi miphika itatu, ndipo si yofanana.

Mukaima pamchenga n'kufulatira nyanja, mapiri amene mukuwaona kumadzulo ndi chiyambi cha Nyika. Kumtunda kumeneko, mamita oposa 2,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, madzi amazizira mpaka mano kuwawa, ndipo mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka uli mbee ndi chisanu. Ndi kumene kuli trout, nsomba imene masewera amenewa anakulira nayo. Si ya kuno. Atsamunda anaibweretsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kuiika m'mitsinje ya paphiri la Zomba monga Mulunguzi, kenako ku Mulanje ndi ku Nyika, m'mitsinje ndi m'madamu atatu a pafupi ndi Chelinda. Trout imakonda madzi osapitirira madigiri 20, ndipo akafika 25 imayamba kufa. Nyanja yathu pamwamba imakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29, choncho pa Ngara trout mudzaiona pa chithunzi basi. Khwangwala angafike ku Chelinda dzuwa lisanatenthe, koma munthu ayenera kutsika ndi M1 kudutsa Chilumba ndi Chitimba, kukwera chitunda cha Chiweta, kukhotera ku Rumphi, kudutsa Bolero, kulowa pachipata cha Thazima, n'kupirira msewu wafumbi mpaka msana kudandaula. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo kumeneko kuli malipiro olowera m'paki ndi chilolezo chowedzera. Ambiri a ife, mpunga ukagulidwa bwino, tingapiteko kamodzi pa chaka. Mphika umenewu mthiko wake ndi nambala 5 ndendende. Madamu aja ali poyera, pamadambo a udzu pamene mphepo ilibe choitchinga, moti kamthiko ka phala kamene wa sitolo amakanenerera kuti ndi ka trout kangakusautseni kumeneko.

Mphika wachiwiri uli pakhomo, ndipo apa ndiyenera kunena zoona ngakhale alamu asakondwe. Nsomba zambiri zimene zimadyetsa Ngara sizidziwa nthenga. Usipa ndi wa chilimira ndi nyali, usiku wopanda mwezi. Utaka ndi wa ukonde. Kampango amakhala pansi, mumdima, ndipo amafuna matchera kapena mbedza za nyambo yonunkha. Nyanja imeneyi kwina imazama mamita 700, pamene nthenga imagwira ntchito m'mamita ochepa a pamwamba. Amene akufuna ndiwo za madzulo asataye nthawi. Apite kudoko ndi ndalama. Koma pali ncheni, wamtali, wa mano, mlenje wa usipa. Asodzi amamupha ndi chingwe cha m'manja pa nyambo ya usipa, ndipo nsomba imene imathamangitsa usipa weniweni inganamizike ndi usipa wa nthenga zoyera, wotalika ngati chala. Nthenga yotere ikanyowa imalemera, imakana mphepo ngati chitenje pa chingwe choyanikira. Ndiye onjezanipo mwera, umene kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umatsekera mabwato kumtunda, ndi mpoto wa nthawi ya mvula. Mphepo ya kunyanja ndi kondowole. Imafuna nambala 8.

Ndinaziona ndi maso. M'mawa wa tsiku lachitatu alamu anatsikira kumadzi ndi ndodo imene amaikonda kwambiri, nambala 4, ana ali pambuyo ngati gulu la kwaya. Mpoto unali utayamba. Anaponya kamodzi, chingwe chinabwerera n'kudzaunjikana pamapazi. Anaponya kachiwiri ndi mphamvu, nthenga inawavula chipewa. Ana anagwa pansi ndi phwete. Si kuti alamu sadziwa kuponya, ayi; ku Dullstroom amapha. Titabwerera kunyumba ndinawerenga manambala a ndodo zinayi zija: 3, 4, 5, 6. Mithiko inayi ya mphika umodzi! Zonse ndi za trout, zonse ndi zapachibale, ndipo pa zinayi zonsezo panalibe ngakhale imodzi ya nyanja imene ili mamita ochepa kuchokera pakhonde pawo.

Uku ndiko kulakwitsa kwa ambiri. Munthu ali ndi 5, akagula 4 kapena 6, n'kumati waonjezera chida. Sanaonjezere kanthu, ntchito imene 6 imagwira, 5 imaigwiranso. Ndodo yachiwiri iyenera kulumpha manambala awiri kapena atatu, kuti ifike kumene yoyamba siingafike. Wokhala ndi khasu akafuna chida china amagula nkhwangwa, osati khasu lina lokulirapo ndi chala chimodzi.

Mphika wachitatu ndi mitsinje. Mvula ikagwa, mpasa ndi mng'ono wake sanjika amachoka m'nyanja kukwera mitsinje monga North Rukuru ndi Songwe kukaikira mazira pamiyala. Azungu anamutcha lake salmon chifukwa cha ulendo umenewu, ngakhale mpasa si m'bale wa salmon. Ubale wake uli kwa usipa. Amadya tinsomba, amafika makilogalamu 4, ndipo akakoka ali m'madzi othamanga mkono umadziwa. Iyenso ndi wa nambala 8. Koma mpasa akuchepa, chifukwa cha maukonde otseka pakamwa pa mitsinje ndi matope ochokera m'minda ya m'mphepete amene amakwirira miyala yoikirapo mazira. Wowedza pofuna kusangalala, amene ndiwo ali nazo kunyumba, aphwanye kandevu ka mbedza ndi pulayala kuti nsombayo aibweze m'madzi isanavulale. Ndipo pakamwa pa mtsinje asalowe m'madzi mpaka m'chiuno ngati mmene amaonera pa kanema wa ku America. M'mitsinje ya trout ya kumeneko mulibe ng'ona, kuno ziliko. Ndodo yomweyo ya nambala 8, mutaika kawaya kutsogolo kwa mbedza, mungapite nayo ku Shire wa kumunsi kwa mathithi a Kapichira, ku Zambezi kapena ku Cahora Bassa ku Tete, kukakumana ndi tigerfish, imene mano ake amadula chingwe wamba ngati lumo.

Tawerengani tsopano. Nyika, Zomba, Mulanje ndi tinsomba ta pamiyala: 5. Nyanja, mpasa, Shire ndi Zambezi: 8. Dziko lonse la Malawi, kuphatikizapo kwa aneba, lakwana m'ndodo ziwiri. Ndipo amene sadzakwera konse ku Nyika, moyo wake uli pakati pa Ngara ndi Karonga, mthiko wake wapakati si 5 ayi. Agule imodzi, 7 kapena 8, nkhani ithere pomwepo. Malangizo akuti aliyense ayambe ndi 5 analembedwa ndi anthu amene mtsinje wa trout uli kuseri kwa nyumba yawo.

Wa sitolo sakuuzaninso kuti ndodo siibwera yokha. Kugula yachitatu kuli ngati kutenga mitala. Munthu amawerengera ng'ombe za lobola zokha, kuiwala kuti mayi wachiwiriyo adzafuna nyumba yake, khitchini yake, miphika yake, munda wake. Ndodo ya nambala ina imafuna chingwe cha nambala yomweyo, chingwe chimafuna kagudumu kokulungira, kagudumu kamafuna ulusi wapansi, ndipo nthenga za ndodo iyi si za ndodo iyo. Ndodo zapamwamba za makampani monga Sage, Orvis ndi Hardy zimafika madola 1,000 imodzi, musanagule china chilichonse. Zoyambira zilipo za madola 100 kapena 200 zonse pamodzi, ndipo nsomba siiwerenga dzina lolembedwa pa ndodo. Koma chingwe chabwino chokha chimadya madola makumi angapo, ndipo padzuwa la ku Karonga pulasitiki wake sachedwa kung'ambika. Ndalama ya ndodo yachitatu ikanakufikitsani ku Chelinda n'kukubwezani. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nthawi zambiri chimene munthu akusowa si ndodo ina koma chingwe china. Pali chingwe choyandama, cha nsomba imene ikudya pamwamba, ndi chingwe chomira, chotsitsa nthenga mamita angapo pansi pamene ncheni amayenda dzuwa likakwera. Ndodo ndi yomweyo, mumangosintha kagudumu. Mayi akafuna kuphika nsomba m'malo mwa nyemba sagula khitchini ina.

Pali chifukwa chimodzi chokha chimene ine ndimachivomereza chokhalira ndi ndodo yachitatu, ndicho kuthyoka. Ndodo zakale zinali za mtengo ndi nsungwi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera za fibreglass, zolemerako poyerekeza ndi za lero koma zopirira nkhanza. Mu 1973 kampani ya Fenwick ku America inatulutsa za graphite, ndipo lero pafupifupi zonse ndi zotero: zopepuka ngati phesi, zamphamvu pokoka nsomba, koma nsonga yake ndi dzira. Sizithyoka ndi nsomba kawirikawiri. Zimathyoka ndi chitseko cha galimoto, ndi phazi la mwana, ndi kondakitala amene waika thumba la mpunga wa Kilombero pamwamba pa paipi yanu. Makampani ena akunja amalonjeza kukonza ndodo yothyoka mukawatumizira, koma lonjezo limenelo analipangira munthu wa ku London, osati wa ku Ngara, amene mtengo wotumizira ungapose wa ndodoyo, ndipo pobwerera nyengo yatha. Munthu amene wayenda tsiku lonse kukafika ku Chelinda n'kuthyola nsonga m'mawa woyamba adzamvetsa chifukwa chake lole imanyamula tayala lapadera. Koma tayala lapadera silikhala lokongola kuposa ena. Likhale lotchipa, la nambala yomweyo, kuti chingwe ndi kagudumu zikwanire. Ndipo poti tatchula graphite: imayendetsa magetsi. Mitambo ikada ku mapiri a ku Tanzania kutsidya, ziphaliwali n'kuyamba, goneketsani ndodo pansi muchoke pamadzi.

Za kutalika ndidutsapo msanga. Mafiti 9 amakwana pafupifupi paliponse. Yaifupi, ya mafiti 7, imathandiza m'timitsinje totchingidwa ndi mitengo monga ta paphiri la Zomba, koma amene amapitako kamodzi pa zaka zitatu angogwada, aponye mosamala.

Chimene chimandichititsa manyazi ndikamalemba zonsezi ndi mnyamata wa zaka khumi amene ndinamupeza madzulo a tsiku limene nthenga inavula alamu chipewa, ali ndi bango, chingwe chosolola ku thumba la feteleza ndi mbedza imodzi. M'kachitini mwake munali tinsomba tokwana ndiwo za anthu atatu. Amadziwa bango lake: pamene limapindika, mmene limanjenjemera nsomba ikangonunkhiza nyambo. Ku Japan asodzi a m'mapiri ankawedza trout ya kwawo mwa njira yomweyi, ndodo yaitali, chingwe chomangirira kunsonga, nthenga imodzi, popanda kagudumu. Amaitcha tenkara, ndipo masiku ano anthu a ku America ndi ku Ulaya akulipira ndalama zambiri kuti abwerere ku zimene mwana wa pa Ngara sanazisiye. Mthiko wozolowera umaphika nsima yopanda mibulu ngakhale mumdima. Ndodo zinayi zosinthanasinthana zimasokoneza dzanja, chifukwa iliyonse ili ndi kapindikidwe kake ndi nthawi yake. Amene ali ndi imodzi apite nayo pabwalo la mpira madzulo, amange kaubweya m'malo mwa mbedza, aike beseni pamtunda wa mamita 12, aziponya mpaka kaubweyako kazigwera m'beseni mphepo ili kumaso. Mwezi umodzi wotero umapha nsomba zambiri kuposa ulendo wa kusitolo.

Wina anganene kuti, nanga mwini chilimira bwanji? Iye ali ndi ukonde, mabwato, boti ya injini, nyali, mabatire, kenako matchera a maso aang'ono ndi a maso aakulu. Palibe amene amamufunsa kuti manja ali nawo angati. Ndinamufunsa zomwezo siginala uja, ndipo yankho lake linali lalifupi: zonsezo zimanyowa. Pa Ngara chida chimene chatha chaka osakhudza madzi chimagulitsidwa, chikapanda kutero makoswe amachigawana. Muyezo umenewu ndi wabwino kuposa wa m'mabuku. Tulutsani ndodo zanu zonse, muziyale pamphasa, mufunse iliyonse kuti inanyowa liti komaliza. Imene ikuchedwa kuyankha si chida chanu. Ndi mlendo amene mukumusunga.

Sindikuti kusunga mlendo ndi tchimo. Pali anthu amene amakonda ndodo chifukwa cha ndodoyo. Za nsungwi ya Tonkin, yochokera kumwera kwa China, mmisiri amaziwaza m'timizere 6, kusema kalikonse, kumata pamodzi, ntchito ya masabata ambiri, ndipo mtengo wake umafika madola masauzande. Kuigwira kokha kumakoma. Tonse timamudziwa bambo wa masuti asanu amene Lamlungu limamupeza ndi thupi limodzi, ndipo sitimuimba mlandu. Chimene ndimakana ndi kutcha chilakolako kuti chosowa, makamaka pamaso pa wophunzira, amene amamva zimenezo n'kuganiza kuti masewerawa ndi a anthu a mapaipi anayi okha, n'kubwerera asanaponye n'kamodzi komwe.

Alamu anga anakana kuchepetsa ndodo zawo kwa masiku awiri. Ankati 3 ili ndi kukoma kwake, 4 ndi ya chikumbutso, 6 ndi ya tsiku la mphepo. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, ya tsiku la mphepoyo bwanji munaisiya m'nyumba tsiku la mphepo?" Anati anaiwala kuti chingwe chake chili pa kagudumu kati.

Mu Januwale anabwerera ku Joni ndi mapaipi atatu, kuti akasinthanitse ndi nambala 8 imodzi, chingwe choyandama ndi chomira. Nambala 5 anaisiya kwa alongo awo. Ili pamwamba pa kabati, kutali ndi ana ndi chitseko, ikudikira ulendo wa ku Chelinda umene tapangana mu Okutobala.